A Scott adamanga tchalitchi, koma buku la ndalama lidawagwetsa

Mwezi wathawu makolo a pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Muloza adandisankha kukhala msungichuma wa komiti. Ati popeza ndidapondako ku yunivesite ndiye kuti masamu ndimawadziwa, chonsecho mudzi wonse ukudziwa kuti sindidamalize, fizi idandibweza ndili chaka chachiwiri. Ndidavomera mwaulemu. Koma tsiku lolandira ntchito ndi lomwe lidandidula mawondo. Bambo amene adali paudindowu ine ndisanalowe adandipatsa jumbo, m'kati mwake muli kope limodzi lothothoka masamba ndi malisiti atatu okha, pamene makolo akhala akusonkha ndalama za chitukuko zaka zinayi zathunthu.

Musafulumire kuwatcha akuba bambowa. Ine ndimawadziwa. Ndi iwowa adathamangathamanga mpaka buloko ya makalasi awiri idaimirira, ndipo nthawi zina ankatapa m'thumba mwawo kulipira amisiri. Koma pamsonkhano wa makolo, mayi wina atafunsa kuti ndalama ya malata idayenda bwanji, bambowa adangoti kukamwa yasa, chosonyeza palibe. Anthu adaiwala buloko ija nthawi yomweyo, nkuyamba kung'ung'udza.

Ndili pamsonkhanopo ndidakumbuka munthu wina amene ndidawerenga mbiri yake m'laibulale ndisanabwerere kumudzi. Munthuyu ndi mbusa David Clement Scott, amene adatsogolera mishoni ya Blantyre kuyambira 1881 mpaka 1898. Ambirife timawadziwa a Scott chifukwa cha tchalitchi chokongola chija cha St Michael and All Angels. Koma nkhani ya m'mene ankapezera ndi kuyendetsera ndalama za sukulu, ndi m'mene nkhani ya ndalamayo idawachotsera m'dziko muno, siikambidwa kawirikawiri. Lero ndati tiikambe, chifukwa ikutikhudza tonse amene timasonkha ndi amene timasunga.

A Scott adabadwa m'chaka cha 1853 ku Scotland, ndipo adaphunzira pa yunivesite ya Edinburgh. Ali ndi zaka 19, m'chaka cha 1872, dziko lakwawo lidakhazikitsa lamulo lomwe lidasinthiratu kayendetsedwe ka maphunziro. Sukulu zambiri zomwe kale zinkayendetsedwa ndi mipingo zidapita m'manja mwa mabodi a sukulu. Dera lililonse, kumudzi ndi m'tauni momwe, lidali ndi bodi yakeyake, ndipo onse pamodzi adalipo pafupifupi 1,000. Mamembala a bodi ankachita kusankhidwa ndi anthu okhoma msonkho m'deralo zaka zitatu zilizonse. Amayi nawo ankaloledwa kuvota ndi kuima, kotero kuti mu 1873 mayi Flora Stevenson adalowa m'bodi ya mzinda wa Edinburgh, nthawi imene amayi adalibe voti yosankha aphungu a nyumba ya malamulo.

Ndalama za mabodiwa zinkachokera mbali zitatu. Padali msonkho wa sukulu womwe unkadulidwa kwa anthu a m'dera lomwelo, padali thandizo la boma lomwe linkabwera molingana ndi kuchuluka kwa ana obwera kusukulu ndi m'mene akhozera pamaso pa woyendera sukulu, ndiye padali fizi ya makolo, yomwe idayamba kuthetsedwa cha m'ma 1890. Mwana aliyense wa zaka 5 mpaka 13 ankayenera kukhala pasukulu. Sikuti zonse zinkayenda myaa. Mabodi ena, makamaka akumidzi, adali ouma manja, ankafinya malipiro a aphunzitsi poopa kukweza msonkho. Koma chinthu chimodzi chidalipo: wosonkha ndalama, wosunga ndalama ndi kholo la mwana onse adali anthu a dera limodzi, okumana pamsika. Bodi ikasokoneza, anthu ankaidikira pachisankho.

Tsono munthu wochokera ku dziko lotere ndi amene adafika ku Blantyre mu 1881. Adapeza zinthu zitafika pa mwana wakana phala. Mishoniyo, yomwe idayamba mu 1876, idali itanyozeka chifukwa amishoni oyamba adadzisandutsa boma, nkumakwapula anthu, mpaka munthu wina adaphedwa pa mlandu umene iwo adaweruza okha. Mpingo wa Church of Scotland udachotsa mtsogoleri wake, mbusa Duff MacDonald, ndi anzake ena. A Scott adatumidwa kudzakonza zimenezi.

Ndipo adakonzadi. Adaphunzira Chimang'anja mozama, nkumakhala pansi ndi mafumu kumva milandu monga mwa mwambo wa eni dziko. Mu 1892 adatulutsa buku lalikulu lotanthauzira mawu a Chimang'anja, lomwe akatswiri a chiyankhulo chathu amalitsegulabe mpaka lero. Kuyambira 1888 mpaka 1891 adamanga tchalitchi chija, iwo eni asadaphunzirepo za mapulani a nyumba, pamodzi ndi amisiri akuda amene adaumba njerwa ndi kuphunzira ntchitoyo pomwepo. Sukulu ya pamishoni idakula, ana ogonera pompo adachuluka, ndipo kuwonjezera pa kuwerenga ndi kulemba ankaphunzira ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi ulimi. Mu 1884 adatsegula Domasi, komwe kudapita mbusa Alexander Hetherwick. Mu 1890 mbusa Robert Cleland adayambitsa mishoni kuno ku Mulanje, koma malungo adamutenga chaka chomwecho.

Funso nali, abale anga: zonsezi ankalipira ndani?

Boma kudalibe. Ngakhale pamene atsamunda a ku Britain adakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891, pansi pa Harry Johnston, sukulu sizidali m'mutu mwawo. Msonkho adayamba kudula, ndipo pofika 1894 nyumba iliyonse inkayenera kukhoma mashilingi atatu pachaka, koma ndalamayo inkathera ku asilikali, malinga ndi maofesi. Boma la Johnston lenilenilo linkadalira mapaundi 10,000 pachaka ochokera ku kampani ya Cecil Rhodes. A Scott ndi a Hetherwick adalimbana nazo kwambiri zimenezi m'nyuzipepala yawo ya mishoni yomwe idayamba mu 1888. Ankadzudzula msonkho, kuwotcha midzi ya anthu okana kukhoma, ndiponso maganizo opereka dziko lino kwa kampani ya Rhodes. Apa ndi pomwe adayamba kudzipangira adani pakati pa azungu anzawo.

Ndalama ya sukulu tsono inkachokera m'mbale ya chopereka ku Scotland. Akhristu wamba, magulu a amayi ndi ana a Sande sukulu ankasonkha, ena nkumasankha kulipirira mwana mmodzi wogonera pamishoni. Zoperekazi zinkadutsa m'komiti yoona za mishoni zakunja yomwe inkakhala ku Edinburgh. Komiti imeneyi, tinene choncho, ndiyo idali bodi ya sukulu zathu zoyamba za kuno kummwera. Ndiyo inkalemba ntchito amishoni, ndiyo inkavomereza bajeti, ndiyo inkati tsegulani apa, lekani apo. Koma taganizani kusiyana kwake ndi mabodi aja a kwawo. Palibe kholo la ku Blantyre, Domasi kapena Mulanje lomwe lidavotera munthu mmodzi m'komitimo. Ambiri mwa mamembala ake adali asadaonepo mtsinje wa Shire. Kalata yopempha chilolezo inkayenda masabata ambirimbiri kudzera ku Zambezi, yankho lake chimodzimodzi, mwina nkufika mvula itagwetsa kale chipupa chomwe munkapemphera denga.

Kuwonjezera apo, komitiyo idali yosauka, kawirikawiri ili m'ngongole, ndipo idali ndi ntchito zinanso ku India ndi kwina. Nyimbo yake kwa a Scott idali imodzi: chepetsani, dikirani, musatsegule malo atsopano. A Scott adali munthu wosadziwa kudikira. Mfumu ikapempha mphunzitsi, iwo ankatumiza. Ana akabwera kudzafuna malo, ankalandira. Ndalama ikachepa ankalembera abwenzi ndi mipingo yowakonda ku Scotland kuti ithandize mwapadera, ntchito nkumapita patsogolo, mabuku a ndalama nkumatsalira m'mbuyo. Chaka chikatha, a ku Edinburgh ankangoona kuti Blantyre yadyanso mopyola muyezo.

Kodi pamenepa wolakwa ndani? Kunena zoona, mtima wanga uli ndi a Scott. Akadamvera mawu aliwonse a komiti, mwina kuno ku Mulanje sukulu ikadachedwa zaka zambiri. Koma tsopano poti jumbo ija ili m'nyumba mwanga, ndayamba kuwamvetsanso akuluakulu a ku Edinburgh. Iwo ankayenera kukaima pamaso pa mayi wamasiye amene adaponya kandalama kake m'mbale ndi kumuuza komwe kadapita. Ukasunga ndalama ya anthu, mtima wabwino suwerengedwa ngati lisiti.

Chinthu chachikulu chomwe a Scott adachita pa kayendetsedwe ka sukulu chidadza mu 1894, pamene adadzoza madikoni asanu ndi awiri achikuda. Mwa iwo mudali a Harry Kambwiri Matecheta, a John Gray Kufa ndi a Mungo Chisuse. Anthuwa sadali ongonyamula mbale m'tchalitchi ayi. A Scott ankakhala nawo pansi kukambirana milandu ya mpingo, ndipo ankawatuma kukayendetsa okha malo akutali popanda mzungu wowayang'anira. A Matecheta adakagwira ntchito ku Nthumbi, kudera la Angoni. A Chisuse ndiwo adadzakhala katswiri wa makina osindikizira mabuku. A Kufa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, adawoloka malire awa tikukhalapowa kukatsegula sukulu kwa Alomwe m'dziko lomwe lero ndi Mozambique. Sukuluyo siidakhalitse, koma m'menemo mudatuluka mnyamata wina, Lewis Mataka Bandawe, amene pambuyo pake adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Ife a ku Muloza, amene agogo athu ambiri adachokera tsidya lomwelo, nkhani imeneyi ndi yathu.

Onani tsono kuti njira ya a Scott idali yotchipa ndiponso yanzeru. Ndalama yotumizira ndi kusunga mmishoni mmodzi wochokera ku Ulaya ikadatha kulipira aphunzitsi akuda ambirimbiri. Koma si onse adakondwa. Azungu a m'minda ya khofi, amene ankafuna antchito omvera osati anthu ophunzira oyankha, adaipidwa. Amishoni ena achinyamata, obwera ndi mtima wa utsamunda, sadafune kuona munthu wakuda akupatsidwa ulemu wofanana nawo. Ku Scotland nako ena ankadandaula kuti mapemphero a ku Blantyre achuluka miyambo ndi mikanjo ngati a mpingo wina.

Nthawi yomweyo imfa idawazungulira a Scott. Mu 1891 adataya mlamu wawo, dokotala John Bowie, komanso a Henry Henderson amene adasankha malo a mishoni ya Blantyre. Mu 1893 mishoni ya Mulanje idathiridwa nkhondo ndi anthu a mfumu Mkanda. Mu 1895 mkazi wawo adamwalira, ndipo m'chaka chomwecho mng'ono wawo, dokotala William Affleck Scott, nayenso adatsikira kuli chete. Munthu wosweka mtima chotere ndi amene adani adamuunjikira milandu.

Mu 1897 mpingo ku Scotland udakhazikitsa bungwe lofufuza za mishoni ya Blantyre. Apa mpomwe pali phunziro langa lonse. Adani a a Scott sakadaima pamsonkhano wa mpingo nkunena poyera kuti tikudana naye chifukwa akukweza anthu akuda, kapena chifukwa akudzudzula boma. Zoterozo sizikadamveka bwino pakati pa akhristu. Ndiye adagwira pomwe padali pofewa: miyambo ya m'tchalitchi ndi ndalama. Pa milandu ikuluikulu bungwelo silidawapeze olakwa a Scott, ndipo palibe adasonyeza kuti adadya ndalama ya mishoni. Koma pa kasungidwe ka chuma padali pogwira, ndipo zotsatira zake zidali zoti mphamvu zawo zichepe, ndalama ziziyang'aniridwa mothina. Mu 1898, atatopa ndiponso akudwaladwala, adachoka m'dziko muno osabwereranso.

Mu 1901 adapita ku Kikuyu, m'dziko la Kenya, kukatsogolera mishoni ina ya mpingo womwewo. Kumeneko adayesa kuthetsa vuto lomwe lidawasautsa ku Blantyre: adatsegula munda waukulu kuti mishoni izidzidalira, isamangotambasula dzanja ku Edinburgh. Ulimiwo sudapindule monga ankayembekezera. Adamwalira komweko mu 1907.

Kuno atachoka, mphamvu zenizeni pa ndalama ndi pa sukulu zidakhazikika m'khonsolo ya mishoni, momwe munkakhala amishoni achizungu okhaokha. A Matecheta adadikira mpaka 1911 kuti adzozedwe ubusa, pamodzi ndi a Stephen Kundecha. A John Gray Kufa adaphedwa ndi boma la atsamunda mu 1915 pa nkhani ya kuukira kwa John Chilembwe. Boma lidayamba kuponyako kangachepe ku maphunziro mu 1907, mapaundi 1,000 okha pachaka oti mishoni zonse za m'dziko muno zigawane, ndipo dipatimenti ya maphunziro idadza mu 1926. Taonani kutalika kwa ulendo: anthu adakhoma msonkho zaka zoposa khumi boma lisadagule ngakhale choko chimodzi. M'zaka zonsezo, sukulu za m'midzi zitayamba kufala, eni mudzi ndiwo ankadula mitengo, kumweta udzu ndi kumanga nyumba ya aphunzitsi. Thukuta lidali lawo, koma buku la ndalama sadalionepo.

Ndisawayeretse kwambiri a Scott. Nawonso adali ndi kaufumu kawo. Ankakonda kugamula okha ngati mfumu yaikulu, ndipo ngakhale adakhulupirira madikoni awo pa ntchito ya mpingo ndi ya sukulu, thumba la ndalama lidakhalabe nkhani ya pakati pa iwo ndi Edinburgh. Ndimadzifunsa kuti zikadakhala bwanji madikoni aja akadakhala ndi buku lawolawo, lolembedwa bwino, losonyeza kuti sukulu ya ku Nthumbi yadya zingati, ya ku Mulanje zingati, ana alipo angati. Mwina ofufuza a 1897 akadasowa pogwira. Mwinanso, a Scott atachoka, zikadavuta kuwalanda anthu akuda udindo umene adali atausonyeza kale ndi manambala. Ntchito yonse idatsamira pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo atagwa zambiri zidagwa naye. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Tibwerere kuno kwathu. Ine ndine mwana wa maphunziro aulere a pulayimale omwe adayamba mu 1994, pamene chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Sitandade 1 ndidaiphunzirira pansi pa mtengo wa mango, phiri la Mulanje likutiyang'ana. Ndikudziwa kuti ulere umenewu sudafikepo pa njerwa, mchenga, mlonda ndi zimbudzi. Zimenezo makolo ndiwo amasenza, mayi wothyola tiyi kuesiteti, bambo wa kabaza wonyamula anthu pachipata cha Muloza kupita ku Milange. Zina zimachokera ku boma, zina kwa mabungwe akunja omwe, monga komiti ija ya ku Edinburgh, amafuna malipoti awo m'Chingerezi pa nthawi yake. Timathamanga kulembera iwowo, koma kholo lomwe lidasenza mchenga pamutu silimva kanthu.

Kusiyana kwa ife ndi makolo a nthawi ya a Scott nkwakuti ife tili ndi chomwe iwo adalibe. Komiti ya sukulu timasankha tokha. Wapampando, mlembi ndi msungichuma ndi anthu a m'mudzi momwemo, timakumana nawo pachigayo ndi pamaliro. Chimene anthu a ku Scotland adapeza mu 1872, ife tili nacho m'manja, ngakhale chili chaching'ono. Nanga bwanji timachiseweretsa? Timasankha munthu chifukwa ndi mlamu wa amfumu, kapena chifukwa amayankhula mokweza pamsonkhano. Kholo likafunsa za ndalama timati ndi lamwano, likunyoza akuluakulu. Wosunga ndalama naye akafunsidwa amakwiya, ati simukundikhulupirira. Mapeto ake khoswe wakhala pamkhate, ndipo munthu wokhulupirika ndi wakuba amaoneka chimodzimodzi chifukwa onse alibe chosonyeza.

Ndiye amene amapwetekeka kwambiri ndi wokhulupirikayo. Wakuba amadziwa kuti tsiku lina adzafunsidwa, amakonzeratu bodza lake. Koma munthu wamtima wabwino, wothamanga ndi ntchito ngati a Scott kapena bambo aja adandisiyira jumbo, amaganiza kuti ntchito yake idzamuyankhulira. Tsiku limene wina adzamuda pa chifukwa china, kaya ndale, kaya nsanje, kaya mkangano wa malire a munda, sadzatchula chifukwa chenichenicho. Adzangoimirira nkufunsa za ndalama ya malata.

Ine ndagula kope latsopano lachikuto cholimba ndi buku la malisiti. Ndapempha a hedi ndi a wapampando kuti kutha kwa mwezi uliwonse tizimata pepala pakhomo la ofesi, lolembedwa m'Chichewa, losonyeza zolowa, zotuluka ndi zotsala, ndipo pamsonkhano wa makolo tiziliwerenga mokweza chifukwa cha agogo amene saona zilembo. Ena m'komiti akuti ndikudzionetsa uyunivesite wosamaliza. Palibe kanthu. Ndapitanso kwa bambo aja, takhala pakhonde masiku atatu kukumbutsana amene adagula simenti, kuti, ndi pa mtengo wanji, ndipo amisiri awiri avomera kudzachitira umboni pamaso pa makolo. Zambiri zayamba kulumikizana. Sindikufuna kuti munthu amene adamangira ana athu makalasi azidutsa pasukulupo atazolika nkhope.

Mukadzapita ku Blantyre, kaimeni patsogolo pa tchalitchi cha St Michael and All Angels muone njerwa zija, zaka zoposa 130 zili chiimire. Kenako mukabwerera kwanu, pamsonkhano wotsatira wa makolo, kwezani dzanja mwaulemu mufunse kuti buku la ndalama liwerengedwe. Musaope kuti msungichuma akhumudwa. Ngati ndi munthu wabwino, mukumuteteza.